M'MENE MAVOTI AMASANDUKIRA MIPANDO

 Madzulo ano tikambirana nkhani ya chisankho. Sitikamba za amene ayenera kupambana kapena kugonja ayi, pakuti imeneyo ndi nkhani ya inu eni ake ndi mitima yanu. Ife tikamba za chimene chimachitika mabokosi atatsegulidwa ndipo mavoti atawerengedwa kale, ndicho lamulo limene limatenga mulu wa mavoti ndi kuusandutsa mipando.

Ambiri a ife timaganiza kuti kuwerenga kukangotha, nkhani yonse yatha: wa mavoti ambiri atenga zambiri, wa mavoti ochepa atenga zochepa. Koma tamvani izi. Ichi ndi chisankho cha ku Britain cha pa 4 Julayi 2024. Chipani cha Labour chinapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse, koma chinatenga mipando 411 mwa mipando 650, ndiko kunena kuti mipando 63 pa 100 iliyonse. Chipani cha Reform UK chinapeza mavoti 14 pa 100 alionse, nichingopata mipando 5. Chipani cha Liberal Democrats, chimene mavoti ake anali ocheperapo, 12 pa 100, chinatenga mipando 72. Chaka chomwecho, pa 29 Meyi, ku South Africa chipani cha ANC chinapeza mavoti 40 pa 100 alionse, ndipo chinalandira mipando 159 mwa mipando 400, imene ili mipando 40 pa 100 iliyonse.

Nanga zikutheka bwanji kuti kwina mavoti 34 abale mipando 63, pamene kwina mavoti 40 abala mipando 40 yokha? Sikuti wina anaba mavoti. Kusiyana konseku kwachokera m'njira imene dziko lililonse linasankha yogawira mipando. Tiyeni tsono tiziunike njirazi imodzi imodzi, pamodzi ndi mawu amene mumawamva pa wailesi nyengo ya chisankho ikafika.

MAWU OYAMBA KUWADZIWA

Mawu oyamba ndi kaundula wa oponya voti. Umenewu ndi mndandanda wa anthu onse amene analembetsa ndipo lamulo likuwalola kuvota. Kwathu kuno nzika iliyonse yokwanitsa zaka 18 ili ndi ufulu wolembetsa, ndipo voti ya mlimi imalemera chimodzimodzi ndi voti ya nduna. Sizinali chomwechi kale. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, dziko lino likadali Nyasaland, panali akaundula awiri. Kaundula wam'munsi anali ndi anthu opitirira 100,000 ndipo ankasankha aphungu 20. Kaundula wapamwamba, wa anthu achuma ndi ophunzira kwambiri, anali ndi anthu osakwana 5,000 koma ankasankha aphungu 8. Mukawerengera bwino mupeza kuti voti imodzi ya kaundula wapamwamba inkalemera pafupifupi kakhumi kuposa inzake. Onani kuti ngakhale voti isanaponyedwe, lamulo linali litagawa kale mphamvu.

Mawu achiwiri ndi dera la phungu, ndilo chigawo cha dziko chimene anthu ake amasankhira pamodzi wowaimira. Mawu achitatu ndi mpando, ndiwo malo a phungu mmodzi m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1994 Nyumba yathu inali ndi mipando 177, kuyambira mu 1999 inali ndi 193, ndipo pa chisankho cha mu 2025 madera anafika 229.

Palinso mawu akuti voti yoonongeka. Pepala limene munthu wachongapo mayina awiri, kapena sanachongepo chilichonse, kapena walembapo zinthu zosasonyeza amene akumufuna, limaikidwa pambali. Mapepala otsalawo ndiwo mavoti ovomerezeka, ndipo m'maiko ambiri ndi amenewa okha amene amagwiritsidwa ntchito pogawa mipando.

WOPOSA ANZAKE NDIYE WATENGA

Njira imene timasankhira aphungu ndi makhansala athu tinaitengera ku Britain, monga anachitiranso maiko a Botswana, Kenya ndi India. M'Chingerezi amaitcha first past the post, pofanizira ndi mpikisano wa akavalo umene wofika patsogolo ndiye mwini mphotho. Dera lililonse lili ndi mpando umodzi, ndipo amene waposa mnzake aliyense payekhapayekha ndiye wautenga, ngakhale atamposa ndi voti imodzi yokha.

Tiyerekeze dera limene anthu 10,000 avota, ndipo opikisana ndi anayi. Kuti tisasokonezeke, tiwatche ndi zizindikiro zongopeka. Wa chizindikiro cha khasu wapeza mavoti 3,500, wa mtondo 3,000, wa lichero 2,500, ndipo wa nkhali 1,000. Wopambana ndi wa khasu. Komatu anthu 6,500 sanamufune iyeyu, ndipo mavoti ao onsewo sanathandize kusankha munthu aliyense. Akatswiri amawatcha mavoti opita pachabe. Izi zikachitika m'madera ambiri nthawi imodzi, chipani chimene chikungoposa anzake pang'ono ponseponse chimakolola mipando yochuluka zedi, monga tinaonera ku Britain kuja.

Ubwino wa njirayi ndi wosabisika. Ndi yosavuta kuimvetsa, ndiponso kuwerenga kwake sikuchedwa. Anthu amamudziwa phungu wao ndi dzina, amadziwa kwao, ndipo mlatho ukakokoloka kapena chipatala chikasowa mankhwala, amadziwa khomo loti akagogode. Akapanda kuwatumikira bwino amamuchotsa iye mwini. Munthu wopanda chipani nayenso angathe kupambana ngati anthu a kwao amukhulupirira: pa chisankho cha mu 2019 aphungu 55 analowa m'Nyumba yathu ya Malamulo ataima paokha.

Koma chinsinsi chachikulu cha njira imeneyi nachi: chofunika si kuchuluka kwa mavoti kokha, komanso malo amene mavotiwo ali. Mu 1994 malemu Chakufwa Chihana anapeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, ndipo chipani chao cha AFORD chinatenga mipando 36 mwa 177, kuphatikizapo mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto. Mu 2019 malemu Saulos Chilima anapeza mavoti 20 pa 100 alionse pa mpando womwewo, koma chipani chao cha UTM chinangotenga mipando 4 mwa 193. Nzoona kuti pepala la mtsogoleri wa dziko ndi lina, la phungu ndi linanso, ndipo munthu angathe kuchonga mosiyana. Komabe phunziro lake likuoneka. Mavoti ounjikana malo amodzi ali ngati mvula yogwa m'munda umodzi: mbeu zimamera. Mavoti omwazikana dziko lonse ali ngati mawawa: nthaka yonse yanyowa pamwamba, koma palibe pamene pamera kanthu.

Nthawi zina njirayi imafika pomupatsa boma amene waposedwa mavoti. Ku Britain mu 1951 chipani cha Labour chinapeza mavoti ambiri m'dziko lonse, koma chipani cha Conservative ndicho chinatenga mipando yambiri nichipanga boma. Ku New Zealand zotere zinachitika kawiri motsatizana, mu 1978 ndi mu 1981, ndipo izi ndi zina mwa zimene zinachititsa anthu a kumeneko kusintha njira yao pa riferendamu ya mu 1993.

KUPOSA ANZAKO NDI KUPOSA THEKA

Tsopano tafika pa mawu awiri amene anavutitsa dziko lathu kwa zaka zambiri. Kuposa anzako ndi kwina, kuposa theka ndi kwinanso. Wa khasu uja anaposa anzake, koma sanapose theka, pakuti theka la 10,000 ndi 5,000.

Kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera, mtsogoleri wa dziko lino ankasankhidwa pongoposa anzake. A Bakili Muluzi anapambana mu 1994 ndi mavoti 47 pa 100 alionse. A Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36, ndipo a Peter Mutharika anapambana mu 2014 ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Kunena kwina, panali nthawi zimene anthu pafupifupi awiri pa atatu alionse anali atavotera munthu wina, osati amene analumbiritsidwa.

Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu a khothi loona za malamulo aakulu a dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu Meyi 2019 chifukwa cha zolakwika zimene zinachitika poyendetsa chisankhocho. Pa chigamulo chomwecho anamasuliranso gawo 80 la malamulowo, nanena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana nazo mu Meyi chaka chomwecho. Apa ndi pamene panachokera mawu amene mwawazolowera tsopano akuti 50 kuonjezapo 1. Tanthauzo lake si mavoti 51 pa 100 ayi, koma theka la mavoti kuonjezapo voti imodzi. Mwa anthu 10,000 aja, wopeza mavoti 5,001 wakwanitsa.

Ngati palibe amene wafika pamenepo, pamachitika chisankho chachiwiri, ndipo amapikisana ndi awiri okha amene anali patsogolo. Kufikira lero chisankho chachiwiri chotere sichinafunikebe kwathu kuno, pakuti mu Juni 2020 a Lazarus Chakwera anapeza mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse, ndipo mu Seputembala 2025 a Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57. Dziwaninso kuti lamuloli limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Aphungu ndi makhansala akusankhidwabe pongoposa anzao.

Anzathu a ku Zambia analandira lamulo lofanana ndi limeneli mu 2016. Ku France akhala akuligwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo chisankho chao cha mu 2002 chikusonyeza mphamvu yake: a Jacques Chirac sanafike ngakhale pa mavoti 20 pa 100 ulendo woyamba, koma ulendo wachiwiri anapeza 82, chifukwa anthu a zipani zosiyanasiyana anagwirizana zokana a Jean-Marie Le Pen. Lamuloli limakakamiza wofuna mpando kuti akapemphe mavoti ngakhale kutali ndi kwao, ndiponso limakokera zipani ku mgwirizano. Koma walira mvula walira matope. Chisankho chachiwiri chimadya ndalama zambiri, ndipo masabata a pakati pa zisankho ziwirizo angathe kukhala oopsa. Ku Zimbabwe mu 2008 a Morgan Tsvangirai anali patsogolo ulendo woyamba koma osafika pa theka, ndipo chiwawa chimene chinatsatira chinawachititsa kuti atuluke mu mpikisano wachiwiri.

Maiko ena amaonjezera lamulo la kufalikira kwa mavoti. Ku Kenya wopambana ayenera kuposa theka, komanso apeze gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti m'zigawo zosachepera 24 mwa zigawo 47 za dzikolo. Cholinga chake nchakuti munthu asalamulire dziko lonse ndi mavoti a mtundu wake wokha.

Ku Australia anapeza njira yofikira pa theka popanda kuvota kawiri, ndipo akhala akuitsata kuyambira mu 1918. Woponya voti sachonga dzina limodzi, koma amalemba manambala: 1 pa amene amukonda koposa, 2 pa wotsatira, mpaka onse atha. Tibwerere ku dera lathu lija. Popeza palibe wafika pa 5,001, wa nkhali, amene ali kumapeto, achotsedwa, ndipo mapepala ake 1,000 agawidwa motsata nambala yachiwiri. Tinene kuti 700 apita kwa wa mtondo, 200 kwa wa lichero, 100 kwa wa khasu. Tsopano wa mtondo ali ndi 3,700, wa khasu 3,600, wa lichero 2,700. Wa lichero nayenso achotsedwa, ndipo mwa mapepala akewo 1,600 apita kwa wa mtondo, 1,100 kwa wa khasu. Wa mtondo wafika pa 5,300, wa khasu watsalira pa 4,700. Anthu ndi omwewo, maganizo ao ndi omwewo, koma phungu wasintha.

KUGAWANA MOLINGANA NDI MAVOTI

Njira yachiwiri yaikulu imayambira pa ganizo lina. Anthu a m'mudzi akasonkherana ndalama kuti agule ng'ombe ya Khirisimasi, sanena kuti amene wasonkha zambiri atenge ng'ombe yonse. Aliyense amalandira nyama yolingana ndi chimene anaponyapo. Momwemonso njira iyi imati chipani chopeza gawo limodzi mwa magawo khumi a mavoti chilandire gawo limodzi mwa magawo khumi a mipando. M'Chingerezi amati proportional representation. Dziko la Belgium ndilo linayamba kuigwiritsa ntchito posankha aphungu a dziko lonse, litakhazikitsa lamulo lake mu 1899. Kuno kumwera kwa Africa ikutsatidwa ku South Africa, ku Namibia, ku Angola ndi kwa anansi athu a ku Mozambique.

Mpando umodzi sungagawike, motero njirayi imafuna madera aakulu okhala ndi mipando yambiri. Ku Mozambique, kumene Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 250, chigawo chilichonse, monga cha Tete kapena cha Niassa, chimatumiza aphungu angapo malinga ndi kuchuluka kwa anthu olembetsa. Chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa mayina chisankho chisanachitike, ndipo munthu amavotera chipani. Chipani chikapata mipando isanu, mayina asanu oyambirira pa mndandandawo ndiwo aphungu.

Nanga kugawa kwake kumayenda bwanji? Ngati muli ndi pensulo pafupi, lembani. Tiyerekeze chigawo cha mipando 10 m'mene mwaponyedwa mavoti 100,000. Chipani cha khasu chapeza 47,000, cha mtondo 33,000, cha lichero 14,000, cha nkhali 6,000. Poyamba tipeze mtengo wa mpando umodzi pogawa mavoti onse ndi mipando yonse: mtengo wake ndi mavoti 10,000. Mtengo umenewu ndiwo umatchedwa kota. Cha khasu chigula mipando 4 nichitsala ndi mavoti 7,000. Cha mtondo chigula 3 nichitsala ndi 3,000. Cha lichero chigula 1 nichitsala ndi 4,000. Cha nkhali sichikwanitsa mpando, ndipo mavoti ake onse 6,000 ndi otsala. Yagawidwa ndi mipando 8, yatsala iwiri. Iwiriyi ipita kwa amene ali ndi zotsala zambiri, ndiwo cha khasu ndi cha nkhali. Mapeto ake: khasu 5, mtondo 3, lichero 1, nkhali 1.

Koma ilipo njira ina yowerengera, imene inakonzedwa ndi katswiri wa malamulo wa ku Belgium dzina lake Victor D'Hondt, ndipo ndi imene amatsata ku Mozambique, ku Portugal ndi ku Spain. Mavoti a chipani chilichonse amagawidwa ndi 1, kenaka ndi 2, ndi 3, ndi 4, kumapitirira choncho, ndipo mipando imaperekedwa kwa manambala khumi aakulu koposa. Tikatero, mpando wachisanu wa khasu ukhala ndi nambala 9,400, ndipo mpando wachinayi wa mtondo ukhala ndi 8,250. Onsewa aposa 6,000 wa nkhali. Mapeto ake: khasu 5, mtondo 4, lichero 1, nkhali palibe. Mwaona nokha kuti mpando umodzi wachoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, osati chifukwa wina wasintha voti yake, koma chifukwa masamu asintha. Nchifukwa chake zipani zimakangana kwambiri pa ndime za malamulo zimene munthu wamba angaziyese zopanda pake.

MPANDA WOTCHINGA ZIPANI ZAZING'ONO

Maiko ambiri otsata njirayi amaika mpanda, ndiwo mlingo wa mavoti umene chipani chiyenera kufikapo chisanalandire mpando uliwonse. Cholinga nchakuti Nyumba ya Malamulo isadzaze ndi tizipani tambirimbiri tosatha kugwirizana. Ku Netherlands mpandawu ndi waufupi kwambiri: mipando ndi 150, ndipo chipani chofika pa mtengo wa mpando umodzi chimalowa. Ku Germany mpanda ndi mavoti 5 pa 100 alionse. Mu 2013 chipani cha FDP, chimene chinali m'boma, chinaperewera pang'ono kufika pamenepo, nichitaya mipando yake yonse.

Mpanda ukatalika kwambiri umagwetsa cholinga chenicheni cha kugawana. Ku Turkey mu 2002 mpanda unali mavoti 10 pa 100 alionse, ndipo zipani ziwiri zokha ndizo zinaulumpha. Chipani cha AKP, ndi mavoti 34 pa 100, chinatenga mipando 363 mwa 550, pamene mavoti a anthu opitirira 40 pa 100 alionse anapita ku zipani zimene sizinapate mpando ndi umodzi womwe. Mu 2022 dzikolo linatsitsa mpandawo kufika pa 7.

Ubwino wa kugawana ndi wakuti mavoti opita pachabe amachepa, ndipo chipani chimapindula ndi voti iliyonse, ngakhale ya m'chigawo chimene sichingapambane. Mndandanda umathandizanso amayi, chifukwa chipani chingathe kusanja mayina mosinthanitsa, mayi kenaka bambo. Zisankho za mu 2019 zitatha, ku South Africa ndi ku Mozambique amayi anali opitirira 40 pa aphungu 100 alionse, pamene kwathu kuno sanakwane mmodzi pa anayi alionse.

Zovuta zake nazo zilipo. Phungu wa pa mndandanda amaopa akuluakulu a chipani amene amasanja mayina koposa m'mene amaopera anthu a kumudzi, ndipo munthu wa dandaulo sadziwa bwino khomo loti agogode. Ndiponso sikawirikawiri kuti chipani chimodzi chipose theka la mipando, motero boma limapangidwa pokambirana chisankho chitatha. ANC itaperewera mu 2024 inalowa m'boma la mgwirizano ndi zipani zina, kuphatikizapo cha DA chimene chinali mdani wake wa zaka zambiri. Ku Belgium, chisankho cha mu 2010 chitatha, panapita masiku 541 boma latsopano lisanapangidwe.

KUPHATIKIZA NJIRA ZIWIRI

Maiko ena anayesa kutenga zabwino za mbali zonse ziwiri. Ku Germany ndi ku New Zealand munthu amaponya mavoti awiri, ina ya phungu wa dera lake, ina ya chipani, ndipo voti ya chipaniyo ndiyo imalamula kuchuluka kwa mipando ya chipani chilichonse.

Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Lesotho, ndipo chinagulidwa ndi mwazi. Mu Meyi 1998 chipani cha LCD chinapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 alionse, koma pansi pa lamulo la woposa anzake chinatenga mipando 79 mwa mipando 80. Anthu anayi pa khumi alionse anatsala ndi phungu mmodzi yekha. Otsutsa anakana zotsatirazo, zipolowe zinabuka, asilikali ena anagalukira akuluakulu ao, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho asilikali a ku South Africa ndi Botswana analowa m'dzikomo. Anthu anafa, ndipo masitolo ambiri a mumzinda wa Maseru anatenthedwa. Pambuyo pake zipani zinakhala pansi nizisintha lamulo. Kuyambira mu 2002 mipando ndi 120: ya madera ndi 80, ndipo 40 yotsalayo imaperekedwa kwa zipani zimene zaperewedwa mipando poyerekeza ndi mavoti ao. Mavuto a ndale a ku Lesotho sanathere pomwepo, pakuti maboma a mgwirizano akhala akugwa kawirikawiri, koma chipani chimodzi kutenga Nyumba yonse sikunachitikenso.

MALIRE A MADERA

Tisanatsirize, tikambeko za malire, pakuti pamene dera lili ndi mpando umodzi, wolemba malire ali ndi mphamvu yaikulu. Ngati dera lina lili ndi ovota 20,000 ndipo lina 80,000, koma lililonse lili ndi phungu mmodzi, voti ya m'dera loyambalo ikulemera kanayi. Nchifukwa chake malamulo aakulu a dziko lathu, pa gawo 76, amalamula bungwe loyendetsa chisankho kuti liziunikanso malire, ndi kuonetsetsa kuti madera akhale ndi ovota ofananako m'chiwerengero, poganiziranso kuchulukana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndi malire a maboma.

Palinso chinyengo cholemba malire mokhotakhota kuti otsutsa aunjikidwe m'dera limodzi, kapena amwazidwe m'madera ambiri kuti asapambane paliponse. Ku America amachitcha gerrymander, potengera dzina la Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts, amene mu 1812 anavomereza malire okomera chipani chake. Dera lina linaoneka pa mapu ngati buluzi.

Ku America komweko mtsogoleri wa dziko sasankhidwa ndi mavoti a anthu mwachindunji. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake, zonse pamodzi 538, ndipo wofuna mpando ayenera kupeza 270. M'zigawo zonse kupatula Maine ndi Nebraska, woposa anzake amatenga nthumwi zonse za chigawocho. Motero mu 2016 a Hillary Clinton anaposa a Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni m'dziko lonse, koma a Trump ndiwo anapeza nthumwi zambiri nalowa m'boma.

ZOTI TIZIKUMBUKIRA

Omvera athu, palibe njira imene ili yangwiro. Ina imakupatsani phungu womudziwa, koma imataya mavoti ambiri. Ina imasunga pafupifupi voti iliyonse, koma imaika mphamvu m'manja mwa osanja mndandanda. Ina imatsimikiza kuti mtsogoleri wavomerezedwa ndi oposa theka, koma imafuna ndalama ndi kuleza mtima. Dziko lililonse limasankha mtolo umene lingathe kuusenza.

Chotero mukamva kuti aphungu akukambirana zosintha malamulo a chisankho, musaiyese nkhani ya ophunzira okha. Safunsa anadya phula. Funsani mafunso anayi. Kodi dera lililonse likhala ndi mipando ingati? Kodi wopambana ayenera kuposa anzake, kapena kuposa theka? Kodi pali mpanda, ndipo ndi wautali bwanji? Nanga malire alemba ndani? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzakuuzani kulemera kwa voti yanu, inu musanafike nkomwe pa mzere.

Ngati pali mawu ena a chisankho amene simunawamvetse, tilembereni kalata, ndipo tidzayesa kuwamasulira m'pologalamu ikudzayi. Kwa lero tilekeze pomwepa.